Njinga yogula kwa wakabaza: muyang'ane chiyani mwana asanakwere?

Funso: Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kukayamba Fomu 1 kusekondale yoyendera imene ili pa mtunda wa makilomita 9 kuchokera kwathu kuno ku Ntcheu. Tamugulira njinga yakale, ija yakuda ya mabuleki okoka ndi ndodo zachitsulo, kwa bambo wina amene ankachitira kabaza. Panjira pali mtsetse wautali wothera pa mlatho, ndipo chigawo china amayenda mumsewu wa tala. Loweruka bambo ake amanyamulira pomwepo chimanga kupita kuchigayo. Wogulitsayo anati njinga ili bwinobwino, koma ine za njinga sindizidziwa. Kodi tiziyang'ana chiyani asananyamuke m'mawa? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa mwana asanayambe kuyendera njingayo. Wogulitsa akati "ili bwinobwino" amatanthauza kuti ikuyenda, ndipo mwina sakunama. Komatu njinga imayenda ngakhale masipoko atatu ataduka, foloko (chitsulo cha miyendo iwiri chogwira gudumu la kutsogolo) itapindika, mabuleki atatheratu. Chimene inu mukufuna kudziwa n'chakuti njingayi idzaima pamene mwana wanu wafuna kuti iime, pamtsetse paja, tsiku la mvula. N'chifukwa chake ine munthu akandibweretsera njinga sindiyambira pa tcheni kapena pa penti. Ndimayambira pa zinthu zimene zikalephera wokwera amagwa chamutu, zomwe ndi mabuleki, foloko, chiwongolero ndi gudumu la kutsogolo. Zinazo zikawonongeka, kawirikawiri mwana angofika mochedwa akukankha.

Kumbukiraninso kumene njingayi yachokera. Njinga ya kabaza imanyamula anthu akuluakulu awiri kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku. Anzathu a kabaza amadziwa kusamalira njinga kuposa ambiri a ife, koma kusamalira kwawo n'kwakuti ntchito isaime lero. Chimene chaduka amamanga, chimene chatha amachitembenuza. Mwini wake ankazidziwa zofooka zonse za njinga yake ndipo ankayenda nayo mozizemba. Mwana wanu sakuzidziwa. Ndiye pali kuyang'ana kwa mitundu iwiri: kwakukulu, kochita kamodzi sabata ino pamodzi ndi mmisiri, ndi kwa m'mawa uliwonse kotenga mphindi ziwiri. Ndifotokoza kwakukuluko kaye, chifukwa mukakumvetsa, kwa m'mawako kumangobwera kokha.

Njinga za mtundu umenewu, kaya ndi Hero, Avon, Phoenix kapena Humber yakalekale, mabuleki ake alibe waya. Mukafinya chogwirira, ndodo imakoka kachitsulo kopindika kamene kanyamula timphira tiwiri, ndipo timphirato timakanikiza limu cha m'kati, mbali imene kuli masipoko. Ubwino wake palibe waya woti n'kuduka. Kuipa kwake, pakati pa dzanja ndi gudumu pali molumikizira mwambiri, makamaka buleki ya kumbuyo imene ndodo zake zimatsika ndi felemu mpaka kunsi kwa mapedulo. Malo aliwonse olumikizirawo akadyeka pang'ono, kugwedera konseko kumaphatikizana, mwakuti dzanja limafinya mpaka kumapeto timphira tisanagwire mwamphamvu.

Yesani chonchi. Imani pambali pa njinga, finyani buleki ya kutsogolo yokha, ndipo kankhani njinga mwamphamvu kupita kutsogolo. Gudumu la kumbuyo liyenera kunyamuka. Kenako finyani ya kumbuyo yokha n'kukankhanso. Tayala liyenera kukhukhuluzika pansi, osazungulira. Chogwirira chiyambe kuluma chikafika pakatikati, ndipo mukafinya ndi mphamvu zonse pakhalebe mpata wolowa chala pakati pa icho ndi chiwongolero. Chikakhudza chiwongolero, buleki imeneyo palibe. Ndipo kuyesaku achite mwanayo ndi dzanja lake. Bambo ake akhoza kufinya n'kunena kuti ikugwira, koma dzanja lolima la munthu wamkulu si dzanja la mtsikana wa Fomu 1. Ngati zala zake sizikufikira bwino chogwirira, kapena akufunika manja awiri kuti afinye, mmisiri akonze pamenepo.

Tsopano weramani muone timphirato. Tatsopano timakhala tokhuthala, ta timizere. Tikasalala n'kutsala pang'ono kufika pa kachitsulo kotigwira, chotsani. Chitsulo chikayamba kukhudza limu mumamva kulira kwa "kwee" ndipo buleki sigwira, limu n'kumadyeka. Palinso kanthu kamene ambiri sakaona. Kachitsulo kogwira kamphira kamakhala kotseka mbali imodzi, kotsegula mbali inayo. Zungulitsani gudumu ngati njinga ikupita kutsogolo, muone kumene limu ikulowera ikamadutsa pa kamphirako. Mbali yotseka iyenera kukhala kumeneko. Akamangirira chozondoka, tsiku lina mwana adzafinya mwamphamvu, limu idzakankha kamphira n'kukatulutsa panja, dzanja n'kungofika pa chiwongolero popanda chogwira. Ena amadula timphira kuchokera ku tayala lakutha la galimoto. Pouma timagwirako, sindikana, koma sitikhala molimba m'malo mwake. Timphira togula ndi chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri pa njinga yonse, ndipo apa sipoyenera kuumira.

Malimu a njinga zimenezi ndi achitsulo chonyezimira, ndipo akanyowa amaterera koopsa. Gudumu limazungulira kangapo timphira tikungopukuta madzi, kugwira kwenikweni kusanayambe. Palibe mmisiri amene angathetse zimenezi, ndi mmene chitsulocho chilili. Mwana aphunzire kuti kukagwa mvula, kapena akangowoloka pamadzi, azifinya pang'onopang'ono adakali kutali kuti limu iume. Chinanso chotereretsa ndi oyilo. Anthu amathira oyilo wakuda wa galimoto pa tcheni ndi m'mahabu (pakati pa magudumu, pamene pamayambira masipoko) mopyola muyeso, oyiloyo n'kutsika ndi masipoko mpaka pa limu. Pitsani chala pa limu pamene pamadutsa timphira. Chikada ndi mafuta, tsukani ndi madzi a sopo, ndi timphira tomwe.

Pali chikhulupiriro chimene ndimalimbana nacho kawirikawiri, chakuti buleki ya kutsogolo ndi yogwetsa. Mupeza njinga zambiri ataimasula dala, ena anachotseratu ndodo yake. Ngati yanu ili choncho, bwezeretsani. Munthu akamaima, kulemera kwake konse kumathamangira kutsogolo. Gudumu la kutsogolo limakanikizika pansi ndipo limagwira nthaka mwamphamvu, pamene la kumbuyo limapepuka n'kumangokhukhuluzika. Pamtsetse zimenezi zimakula. Ndiye mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo, ndipo wochotsa buleki imeneyo wataya gawo lalikulu la chitetezo chake. Chogwetsa anthu ndi kufinya modzidzimuka manja ali lobodo. Mankhwala ake ndi kuphunzira: kufinya mabuleki onse awiri pamodzi, mowonjezera pang'onopang'ono, manja atalimba, thupi litakhala cha kumbuyo kwa chishalo. Pamchenga ndi pa timiyala toterera pokha ndi pamene adalire kwambiri ya kumbuyo. Mutengeni pabwalo la mpira Lamulungu masana ayeserere mpaka dzanja lizolowere. Mumuuzenso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, choncho liwiro la pamtsetse amalichepetsa ali pamwamba, osati atawona mlatho.

Adziwenso kuti dzanja liti likugwira gudumu liti. Pa njinga zopangidwa motsatira za ku Britain, monga yanuyi, dzanja lamanja ndi la kutsogolo. Njinga zambiri za kaunjika zochokera ku America ndi kumayiko ena a ku Ulaya zimakhala mosemphana. Tsiku limene adzabwereke njinga ya mnzake, ayambe wafinya n'kuona.

Owerenga ena ali ndi njinga za mabuleki a waya. Inu yang'anani waya pamene akulowa m'chogwirira ndi pamene wamangidwa ndi nati kumunsi. Tingwe take tikayamba kuduka n'kumayangalala, sinthani lero lomwe, chifukwa waya amaduka nthawi imene mwafinya mwamphamvu, ndiye kuti nthawi imene mukumufunitsitsa. Enanso ali ndi Buffalo, njinga ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, imene buleki yake mumaigwira popalasa chobwerera m'mbuyo. Buleki imeneyo ili m'kati mwa habu, choncho mvula siisokoneza. Koma dziwani kuti imadalira tcheni: tcheni chikaguluka pamtsetse, buleki yapita nacho. Pa njinga yotere kulimba kwa tcheni ndi nkhani ya moyo, pamodzi ndi kamkono kachitsulo kochokera pa habu kamene kamamangiriridwa ku felemu kumanzere. Kabawuti kake kakasowa, buleki sigwira bwino.

Tichoke pa mabuleki tipite pa khosi la njinga. Finyani buleki ya kutsogolo, ikani dzanja lina pamene foloko ikulowa mu felemu, ndipo gwedezani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva "gu, gu" pansi pa dzanja, khosi lamasuka. Nyamulani kutsogolo, tembenuzani chiwongolero uku ndi uku. Chiziyenda mofewa, osakakamira pakati. Kenako panani gudumu la kutsogolo ndi mawondo anu ndipo yesani kupotoza chiwongolero ndi mphamvu. Chikatembenuka gudumu lili chiimire, bawuti ya pamwamba pa chiwongolero ndi yomasuka. Tangoganizani mwana akukhota pa mlatho, manja apita kumanzere, gudumu likupitabe kutsogolo. Onaninso kuti chitsulo chonyamula chiwongolero sanachikweze mopitirira. Zambiri zimakhala ndi mzere wosonyeza polekezera, ndipo mzerewo suyenera kuoneka kunja.

Foloko ndi imene ndimaiopa kwambiri pa njinga yogula kwa munthu, chifukwa imasunga mbiri ya ngozi zimene wogulitsa sanakuuzeni. Imikani njinga, pitani pambali patali pang'ono, ndipo yang'anani. Chigawo cha pamwamba cha foloko chiyenera kutsika molunjika ndi khosi, n'kudzapindikira kutsogolo kumunsi kokha. Ngati chikuoneka kuti chabwerera m'mbuyo, gudumu layandikira felemu, kapena chala cha phazi chikukhudza madigadi pokhota, njingayo inagundapo chinthu. Ndiye gwadani muyang'ane kunsi kwa mipope iwiri ya felemu, pafupi penipeni ndi khosi. Pitsanipo chala. Mukamva kakhwinya m'chitsulo, mukaona penti itasweka mozungulira kapena kamzere ka dzimbiri kowongoka ngati tsitsi, pamenepo chitsulo chinapindika kapena chayamba kung'aluka. Penti yatsopano pamalo amodzi okha, pa njinga imene kwina konse inasuluka, ikufunsitseni mafunso.

Za kuwotcherera, maganizo anga ndi awa. Kaliyala wowotcherera alibe vuto. Sitandi yowotcherera ilibe vuto. Foloko yowotcherera, tayani. Mipope ya njinga ndi yopyapyala, ndipo moto wa makina owotcherera mageti ndi mawindo umaipsereza n'kuifooketsa m'mbali mwa chilondacho. Foloko ikaduka sichenjeza, munthu amangopezeka nkhope ili pansi. Yowongola ndi chitsulo kapena poiponda, mkulu wodziwa akhoza kuyendera pang'onopang'ono kumunda, koma ine sindingakwezepo mwana wotsika mtsetse tsiku lililonse. Popeza mbali ina ya foloko imabisika m'kati mwa khosi, muuzeni mmisiri aisolole yonse muione ndi maso, aikemo girisi watsopano ndi timipira tachitsulo tatsopano ngati takale tadyeka. Ndi ntchito yosakwana ola limodzi.

Magudumu. Gwirani tayala pamwamba n'kulikankhira kumanzere ndi kumanja. Lisagwedere. Likagwedera, mwina manati a ekiselo (chitsulo chodutsa pakati pa gudumu) ndi omasuka, mwina makoni a m'habu, amene amapana timipira tachitsulo, akufuna kumanga. Manatiwo kawirikawiri amalowa sipanala ya 15, ndipo ndi bwino kukhala nayo pakhomo. Pa gudumu la kumbuyo nati imodzi yomweyo nthawi zambiri imapana zinthu zingapo pamodzi, miyendo ya kaliyala, timawaya ta madigadi ndi sitandi, ndiye katundu akamagwedeza kaliyala natiyo imamasuka msanga. Nyamulani njinga, zungulitsani gudumu, diso lili pa mpata wa pakati pa limu ndi kamphira. Limu yabwino imadutsa mpata uli chimodzimodzi. Yopindika imavina, ndipo pa mabuleki a ndodo imene imavutitsa kwambiri ndi yodumpha m'mwamba ndi pansi, chifukwa buleki imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Mvetseraninso. Gudumu labwino limazungulira mwakachetechete. Likamalira ngati muli mchenga, habu yauma.

Masipoko finyani awiriawiri ndi dzanja kuzungulira gudumu lonse, kapena muwakhwatchule ndi chikhadabo. Olimba amalira mofanana, womasuka amangoti "phwa". Oduka mudzawapeza kwambiri kumbuyo, pa kakhosi kopindika kolowa mu habu, ndipo nthawi zina sipoko yoduka amangoikulunga pa inzake kuti isalire. Imodzi ikaduka, zoyandikana nazo zimasenza katundu wake, n'kuyamba kuduka motsatizana. Njinga ya kabaza ikhoza kukhala ndi masipoko otopa onse. Mukaona kuti mwezi uliwonse ikuduka ina, musavutike n'kusintha imodziimodzi, lukitsani gudumu lonse.

Kwa amene njinga zawo za kaunjika zili ndi kachogwirira kotsegulira gudumu popanda sipanala: kameneko sikomanga pozungulitsa ayi. Kamapindidwa, ndipo potseka kayenera kulimba mpaka kusiya chidindo m'chikhatho.

Matayala a njinga yanu mwina alembedwa 28 x 1½ m'mbali, ndipo pafupi pomwepo pamalembedwa mpweya woyenera. Pampu zathu zambiri zilibe geji, choncho kanikizani ndi chala chachikulu. Lisalowe. Njira ina yabwino ndi yakuti wokwerayo akhale pa chishalo inu mukuyang'ana pansi: tayala lingophwatalala pang'ono chabe. Tayala lofewa limalemeretsa njinga, limapotoka pokhota, ndipo likagunda mwala limu imaluma chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totero pomata, dziwani kuti si minga, ndi kuchepa kwa mpweya. Ngati tayala likuphwa usiku uliwonse koma bowo silikupezeka, pakani malovu pakamwa pa valavu. Pakatuluka thovu, vuto ndi kamphira kakang'ono ka m'kati mwa valavu kamene kamafumbwa ndi kutentha. Kusintha kwake n'kwa mphindi imodzi. Valavu yopendekeka ikusonyeza kuti chubu chikukokeka m'kati, ndipo chidzang'ambika patsinde pake.

Zungulitsani tayala pang'onopang'ono mukuchotsa minga ndi timagalasi tisanalowe. Tayala lotupa pena, looneka ulusi, kapena long'aluka m'mbali ndi dzuwa, latha. Lomanga ndi malegeni kuzungulira limu ndi loipa kawiri, chifukwa malegeniwo amadutsa pomwe pamadutsa timphira ta buleki. Ndipo ngati ndalama ikukwana tayala limodzi lokha, ambiri amaika latsopanolo kumbuyo poti ndiko kumatha msanga. Ine ndimati labwino lipite kutsogolo. La kumbuyo likaphulika njinga imagwedezeka koma munthu amatha kuima. La kutsogolo likaphulika pamtsetse, chiwongolero chimachoka m'manja.

Za tcheni ndi mapedulo ndidutsa mofulumira, ngakhale zilipo zitatu zimene zimavulaza. Choyamba ndi kotapini, kachitsulo kolowa chopingasa kamene kamagwira mkono wa pedulo. Gwirani mikono yonse iwiri n'kuigwedeza. Ikhale yowongoka mzere umodzi, osagwedera. Kotapini yodyeka imachititsa kuti phazi lizidumpha pa kuzungulira kulikonse. Osailimbitsa pokoka ndi kanati kake, mazinga amatha nthawi yomweyo. Amaikhoma ndi hamala atachirikiza kunsi, kenako n'kumanga kanatiko. Chachiwiri ndi fuliwilo (kagudumu ka mano ka kumbuyo, kokokedwa ndi tcheni) yolumpha, ija mumapalasa phazi n'kungopita pansi popanda kugwira. Imachita zimenezi munthu ataimirira pa chitunda, n'kudzigunditsa pa mtanda, mpope wochokera ku khosi kupita kunsi kwa chishalo. Chachitatu ndi mapedulo otsala chitsulo chokha, mphira zonse zitagwa. Nsapato ya sukulu yonyowa siima pamenepo. Posintha, dziwani kuti pedulo ya kumanzere mazinga ake ndi obwerera, imamasuka mbali imene inzake imalimbira. Tcheni chenichenicho, mukachikankha ndi chala pakatikati chiziyenda sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo yesani m'malo angapo mukuzungulitsa pedulo chifukwa pena chimalimba pena n'kumasuka.

Popeza wokwera ndi mtsikana wovala siketi ya yunifolomu, chotchinga tcheni chisasowe. Akabaza ambiri amachichotsa poti chimachita phokoso. Siketi, chitenje kapena chingwe cha nsapato chikakodwa pakati pa tcheni ndi mano, mwendo umakokedwa ndipo pedulo imaima. Buku ndi chikwama zikhale kumsana kapena zomangidwa pa kaliyala. Jumbo yolendewera pa chiwongolero imalowa m'masipoko a kutsogolo, ndipo gudumu limaima nthawi yomweyo. Madigadi ya kutsogolo yogwedera imachitanso chimodzimodzi kawaya kake kakamasuka n'kukodwa ndi tayala. Ngati simungaimange bwino, kuli bwino kuichotsa mwana azifika ndi matope.

Funso limene simunafunse koma ndi lalikulu: kodi njingayi ndi ya msinkhu wake? Njinga zakuda zimenezi zambiri zinapangidwira amuna akuluakulu. Mwanayo aime atatang'adza mtanda, mapazi onse awiri ali pansi. Ngati mtanda ukumukhudza kapena akuima ndi zala, ndiye kuti nthawi iliyonse imene waima mwadzidzidzi adzagwera m'mbali, ndipo pamsewu wa tala m'mbalimo mukhoza kukhala galimoto. Kutsitsa chishalo kumathandiza pang'ono, koma mtanda sutsika. Zikatero ganizirani zosinthanitsa ndi njinga yaing'ono kapena yopanda mtanda. Ngati msinkhu uli bwino, ikani chishalo poti chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi, mwendo uwongoke. Chipotozeni ndi manja, chisatembenuke kapena kugwada.

Tsopano za bambo ndi chigayo. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zina pamakwera awiri. Buffalo ija, imene anaipangira dala katundu, kaliyala wake anamulembera makilogalamu 100. Njinga yotopa ya kabaza musaiyese kufika pamenepo. Katundu wolemera kumbuyo amapeputsa gudumu la kutsogolo, amamasula manati, amadula masipoko, ndipo mabuleki amene amagwira bwino njinga ili yopanda kanthu akhoza kulephera ili ndi thumba. Bambo aziyesa mabuleki atamanga kale katundu, ndipo pamtsetse waukulu atsike akankhe, monga amachitira ogulitsa makala odziwa njira. Kwa inu mayi, tanthauzo lake ndi lakuti tsiku loyang'anitsitsa njinga ndi Lamulungu madzulo, osati Lolemba m'mawa mwana atavala kale. Chotsani malegeni onse otsala pa kaliyala, chifukwa nsonga yolendewera imakulungika mu habu.

Simunatchule msewu wa tala umene amadutsa, koma ngati ndi M1, mukudziwa nokha magalimoto akuluakulu amene amayenda mmenemo ndi kuchepa kwa m'mphepete mwake. Mu June dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndipo kumapiri a Ntcheu ndi Dedza m'mawa kumachita chifunga. Mwana wochedwa ndi masewero kapena sitade adzabwerera kuli chisisira. Kumbuyo kukhale chonyezimira chofiira, chotsukidwa, choloza kumbuyo ndithu osati kumwamba kapena chobisika ndi chikwama. Kutsogolo kukhale nyali yoyera, ngakhale katochi kotchaja komangirira bwino. Tonyezimira ta pa mapedulo timathandiza kwambiri chifukwa timayenda, dalaivala amazindikira msanga kuti ndi njinga. Yunifolomu yakuda kapena yobiriwira siioneka bwino kukada, choncho kansalu konyezimira kosokerera pa chikwama si kuwononga ndalama. Belu lilire. Aziyenda kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto, osati moyang'anizana nawo monga amachitira oyenda pansi. Chipewa choteteza mutu n'chosowa m'midzi mwathu ndipo ana amachita nacho manyazi, koma mukachipeza gulani, chomukwana, ndipo lamba wake azimanga. Cha kaunjika chiyang'aneni m'kati, chong'aluka chinagwira kale ntchito yake.

Zonsezi zikakonzedwa kamodzi, za m'mawa ndi zochepa, ndipo azichita mwanayo yekha inu mukuona mpaka zilowe m'magazi. Anyamule njinga pang'ono n'kuigwetsa pa matayala ake, khutu lili tcheru. Njinga yomangika bwino imangoti "di", ndipo phokoso lachilendo alifufuze kumene likuchokera. Akanikize matayala onse awiri, agwedeze magudumu m'mbali, awazungulitse. Afinye buleki iliyonse payokha akukankha. Apane gudumu ndi mawondo apotoze chiwongolero. Akwere, apalase pabwalo pomwepo, aime mwamphamvu kamodzi. Akafika pamwamba pa mtsetse, afinyenso pang'ono asanayambe kutsika, chifukwa nati imene inali bwino pakhomo ikhoza kugwa panjira.

Mugwirizane naye zinthu zimene zikapezeka njinga sichoka pakhomo ngakhale kuli mayeso: buleki imodzi yosagwira, gudumu logwedera, chiwongolero chopotoka, mng'alu pa foloko kapena felemu, tayala la kutsogolo lotupa. Chishalo chong'ambika, tcheni cholira, madigadi ya kumbuyo yogogoda, zimenezo zikhoza kudikira Loweruka. Ana amabisa zowonongeka poopa kukalipiridwa kapena kuyenda pansi makilomita 9, ndiye muuzeni poyera kuti wonena msanga sakalipiridwa.

Popita kwa mmisiri mupite naye mwanayo, ndipo njinga musaisiye kuti mudzaitenge mawa. Khalani pomwepo. Muuzeni atsegule khosi ndi mahabu onse awiri, asinthe timphira, amange ndodo za mabuleki molingana ndi dzanja la mtsikanayo, awongole malimu. Zitsulo zimene wachotsa akuonetseni, muone nokha mmene koni yodyeka kapena ekiselo yopindika imaonekera. Ekiselo mukaigubuduza pa tebulo losalala, yopindika imadumphadumpha. Pogula zatsopano mumufunse iye zimene zimakhalitsa, poti pamsika zilipo zonyezimira bwino koma za chitsulo chofewa. Pakhomo pakhale pampu, sipanala ya 15 ndi ya 10, zigamba ndi soloshoni. Pakatha sabata imodzi chikonzereni, bwererani kuti akamangenso, chifukwa masipoko atsopano, kotapini yatsopano ndi timphira tatsopano zimakhazikika m'masiku oyambirira ndipo zimayamba kugwedera.